Makalata a Omvera: Paini, Matabwa Ake ndi Zomudwalitsa

MUULUTSI: Tinalonjeza kuti lero titsegula makalata okhudza paini, ndipo abwera mulu. Tili ndi bambo athu amene akulira m'ntchito yofufuza za mitengo.

KATSWIRI: Tiyeni tiyambe, nthawi isatithere.

MUULUTSI: Yoyamba yachokera kwa kalipentala wa ku Ndirande. Akuti: "Ndinagula matabwa a paini pamsika ali owongoka bwinobwino, n'kukhoma chitseko. Mwezi usanathe mwini wake wandibwezera, chitseko chapotoka, sichikutsekeka. Malemu bambo anga ankagwiritsa ntchito matabwa a ku Chikangawa ndipo zoterezi sindinazionepo. Kodi paini wa masiku ano ndi mtundu wina?"

KATSWIRI: Bambo a ku Ndirande, pepani ndi chitsekocho, chifukwa ndikudziwa kuti mwatayapo ndalama komanso mbiri yanu yada pang'ono kwa kasitomala. Dzanja lanu silinalakwe. Mtundu wa mtengo ndi womwewo umene ankapala bambo anu. Chasintha ndi msinkhu umene mitengo ikudulidwira.

Tsiku lina mukadzapita kumene akucheka, mudzagwade pa chitsa cha paini, mupukute utuchi ndi chikhatho, muyang'ane. Mudzaona mizere yozungulira kuchokera pakati mpaka ku khungwa. Mzere uliwonse ndi chaka chimodzi: kachigawo koyera kotambalala ndi kamene mtengo unakula nthawi ya mvula, kachigawo kakuda kopyapyala ndi kamene unakula pang'onopang'ono nyengo itauma. Tsono kanikizani chikhadabo pa mizere ya pakati, kenako pa mizere ya kufupi ndi khungwa. Ngati mtengowo unali wa zaka 25 kapena kuposa, pakatipo chikhadabo chilowa, kunjaku chikana.

Ofufuza anachiyeza chimenechi mosamala. Ali ndi kachitsulo kobowolera kamene amalowetsa mu thunthu mtengo uli chiimire, n'kutulutsa kamtengo kowonda ngati pensulo kokhala ndi mizere yonse. Amakadula mzere ndi mzere, kuumitsa, kuika pa sikelo, ndi kukaunika pa makina okuza zinthu. Zimene amapeza pa paini wa mitundu yonse yobzalidwa n'zofanana. Mizere khumi yoyambirira, kapena kupitirirako pang'ono, ndi thabwa laubwana: ndi lopepuka, timitsempha take ndi tatifupi, ndipo ulusi wa m'makoma a timitsemphato umagona chopendekeka m'malo moima chilili motsata kutalika kwa mtengo. Thabwa lotere likamauma limafupika m'litali mwake, pamene thabwa lokhwima silifupika kwenikweni. Ndiye taganizani thabwa limodzi lomwe mbali ina ndi yaubwana, mbali ina yokhwimirako. Mbali imodzi ikukoka, inzake ikukana. Mapeto ake ndi uta umene mwauona pa chitseko chija.

Mtengo wa zaka 30 uli nalonso thabwa laubwanali, koma lili pakati pokha, lazunguliridwa ndi thabwa labwino lochuluka, ndipo wocheka amatha kusankha. Mtengo wa zaka 10 kapena 12 ndi ubwana wokhawokha kuyambira pakati mpaka ku khungwa. Ameneyo ndiye wadzaza m'misika yathu lero, ndipo zimandiwawa, chifukwa anthu ayamba kunyoza paini pamene cholakwa ndi kufulumira kwathu.

Pali chachiwiri, chomwe ndi madzi. Paini wongodulidwa kumene amakhala ndi madzi olemera mofanana ndi thabwa lenilenilo, nthawi zina kuposa. Thabwa silisintha maonekedwe mpaka madzi atatsika kufika pa 30 peresenti. Kuchokera pamenepo ndiye limayamba kunyala, ndipo limakhazikika likafika cha pa 12 mpaka 15 peresenti. N'chifukwa chake pamsika linali lowongoka: linali lisanayambe ulendo wake. Linakaumira pa chitseko cha kasitomala wanu.

Mukamagula, bambo, musamangoyang'ana nkhope ya thabwa, yang'anani kumutu kwake. Mukaona kadontho kofiirira ka pakati pa mtengo, kapena mizere yopindika kwambiri ngati mbale yaing'ono, limenelo lisiyeni kapena likhale la ntchito yosaoneka. Sankhani la mizere yoyandikana, yopindika pang'ono. Mukafika nawo kunyumba, asanjeni pamthunzi pamalo okwera, muike timitengo tofanana kukula pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo idutse, timitengoto tiyang'anizane kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba mutsindike ndi njerwa. Apatseni miyezi iwiri kapena itatu. Ndikudziwa kuti ndalama yogona m'matabwa imapweteka, koma chitseko chobwezedwa chimapweteka koposa.

MUULUTSI: Funso lotsatirali likugwirizana ndi zomwezi. Bambo wina wa ku Luwawa, m'boma la Mzimba, akuti ali ndi mahekitala awiri a paini amene wakwanitsa zaka 9. Ocheka akumuzungulira kuti agule munda wonse, ndipo kunyumba kukufunika fizi. Akuti mitengoyo ndi yaitali koma yowonda, ndipo akuona ngati yasiya kukula. Agulitse?

KATSWIRI: Bambo, munda wonse ayi. Koma pali mitengo imene muyenera kudula chaka chino chomwe, ndipo fizi ingachokere pamenepo.

Ngati munabzala motalikana mamita atatu mbali zonse, pa hekitala munalowa mitengo 1,111. Ili yaing'ono malowo amakwana. Ikafika zaka 7 kapena 8 nthambi zimakumana kumwamba, mizu imakumana pansi, ndipo mtengo uliwonse umathamangira dzuwa. Umatalika, koma sunenepa. Zimene mukuonazo si ukalamba, ndi kuthinana, monga chimanga chosapatulira.

A kafukufuku, monga a Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba ndi anzawo a m'maiko oyandikana nafe, amakhala ndi timinda toyezera momwe mtengo uliwonse uli ndi nambala yake. Amabwererako chaka ndi chaka ndi tepi, kuyeza kunenepa kwa thunthu pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi, malo omwewo nthawi zonse. Timinda tina amapatulira, tina amatisiya. Chimene chimaoneka n'chakuti kutalika kwa mitengo kumadalira kwambiri nthaka ndi mvula ya pamalopo, koma kunenepa kumadalira mpata umene mtengo wapatsidwa. Ndipo ndalama ya matabwa ili m'kunenepa. Chipika chimodzi chonenepa chimatulutsa matabwa otambalala amene zipika zinayi zowonda sizingatulutse.

Lowani m'mundamo ndi choko kapena penti. Chongani yopindika, yamphanda, yodwala ndi yotsalira pansi pa inzake, pafupifupi mtengo umodzi mwa itatu iliyonse kapena kuposerapo pang'ono. Imeneyo gulitsani ngati mapolo ndi timatabwa tating'ono. Chongani nokha, musalole wogula asankhe, chifukwa iye adzatola yonenepa n'kukusiyirani nyenyeswa. Patapita zaka zisanu mudzapatulirenso, kenako kachitatu, mpaka pa hekitala patsale mitengo ngati 300 yoti ifike zaka 25. Yotsalayo muziisadza nthambi zam'munsi ndi sowo yakuthwa, osati chikwanje, modula pafupi ndi thunthu koma osasenda khungwa. Nthambi ikaumira pa mtengo, thunthu limaimeza ili yakufa, ndipo ndi imene imadzakhala mfundo yakuda yogweruka pa thabwa n'kusiya bowo. Koma musasadze kupitirira theka la kutalika kwa mtengo, masambawo ndiwo khitchini yake.

MUULUTSI: Amayi a gulu lina la nazale ku Dedza alemba kuti: "Bulugama ndi malaina zikutiyendera bwino, koma mbande za paini zimamera n'kuima, zachikasu, miyezi n'kumapita. Zina zimagwa zikangomera. Feteleza tinathira koma sizinasinthe."

KATSWIRI: Amayi anga, zikomo chifukwa cha ntchito mukugwirayo. Ndikufunseni: dothi la m'machubu mwanu mulitenga kuti? Ndikukhulupirira kuti ndi kudimba kapena kumunda. Paini sakhala yekha. Mizu yake imafuna bowa wina wake wa m'nthaka amene amaikuta n'kutambasula timaulusi take kutali, kukatenga madzi ndi chakudya cha m'nthaka, makamaka fosifolasi, n'kupatsa mtengo. Mtengo nawo umamubwezera shuga. Paini atangofika kumene m'maiko ambiri a kuno ku Africa, mbande zinkachita chimodzimodzi ngati zanuzo, mpaka anthu anazindikira kuti pakufunika dothi lochokera pamene paini wakhazikika kale.

Inu muli ndi mwayi, Dedza ndi Chongoni paini ali pakhomo. Pemphani chilolezo kwa alangizi a zankhalango, mukapalase masamba owuma pansi pa paini wamkulu wathanzi, mutenge dothi lapamwamba lokhala ndi timaulusi toyera, lonunkhira bowa. Lisaume padzuwa. Sakanizani pang'ono ndi dothi lanu la m'machubu. Pakatha miyezi iwiri zulani mbande imodzi, muitsuke mizu: mukaona timizu tatifupi tonenepa, togawikana pawiri kunsonga, dziwani kuti ubale wagwira.

Zogwa zikangomera zija ndi nkhani ina. Ndi nkhungu ya m'dothi imene imaoletsa tsinde pamene lakhudzana ndi nthaka, ndipo imakonda chinyezi chopitirira, mthunzi wambiri ndi kufesa mothinana. Chepetsani madzi, thirirani m'mawa, kwezani denga la udzu kuti mphepo ipite.

Pali nthenda imodzi ya kunazale imene ndikufuna muidziwe dzina, chifukwa yasautsa kwambiri anzathu a ku South Africa. Imayamba ndi nkhungu yotchedwa Fusarium circinatum. Inalembedwa koyamba ku America mu 1946, ndipo mu 1990 inapezeka m'nazale ina ku South Africa pa mbande za Pinus patula, paini yemweyu wa ku Chikangawa. Nsonga ya mbande imawerama, masamba amasanduka ofiirira, ndipo mukasenda tsinde pafupi ndi mizu mumapeza lada, lanyowa utomoni. Choipa chake n'chakuti mbande ina imaoneka yabwino kunazale n'kukafera kumunda. Mankhwala ochiza palibe. Chimene ofufuza a kumeneko anachita, mogwirizana ndi bungwe la Camcore la ku North Carolina State University ndi la FABI la ku University of Pretoria, ndi kukwatitsa patula ndi paini wina wa ku Central America wotchedwa Pinus tecunumanii, amene amapirira nthendayi. Makampani ambiri kumeneko tsopano akubzala mwana wa mitundu iwiriyi. Nkhunguyi imayenda ndi njere, mbande, dothi ndi machubu akale. Choncho njere zosadziwika kochokera, ngakhale wina atabwera nazo kuchokera kunja n'kukuuzani kuti ndi zamakono, zikaneni. Gulani njere zovomerezeka kudzera ku ofesi ya zankhalango. Mmera m'poyamba, amayi, ndipo pa paini cholakwa cha kunazale chimakaonekera patapita zaka makumi awiri.

MUULUTSI: Mtsikana wa Fomu 3 ku Zomba akufunsa mwachidule: paini ndi mtengo wathu kapena wobwera? Nanga bwanji kwawo kwa agogo ake ku Salima kulibe?

KATSWIRI: Funso labwino, mwanangu. Ndi wobwera. Amene umamuona pa phiri la Zomba, wa masamba onga singano olendewera pansi ngati ngayaye za chimanga, ndi Pinus patula, ndipo kwawo ndi kumapiri a kum'mawa kwa Mexico, malo okwera, ozizira, a nkhungu ndi mvula yambiri. Anafika ku South Africa mu 1907, n'kufalikira kumapiri a chigawo chino. Thothola kamtolo kamodzi ka masamba uwerenge, kawirikawiri upeza atatu omangidwa pamodzi patsinde. Ku Salima n'kotsika ndi kotentha, ndipo patula akabzalidwa kotero amakhala wofooka, tizilombo ndi matenda n'kumupezerera. Kumalo otsikirako kumayenera mitundu ina monga Pinus kesiya wa ku Asia, amene wabzalidwa kwambiri ku Copperbelt m'dziko la Zambia, kapena Pinus oocarpa.

Kusankha patula sikunangochitika. Poyamba ambiri ankayembekezera paini wa ku California, Pinus radiata, amene mpaka lero ndiye mwini nkhalango zobzala za ku New Zealand. Koma mu 1957 ku Tanzania kunaoneka nthenda ya masamba yotchedwa Dothistroma, yojambula timizere tofiira pa singano zija mpaka kuyoyoka. Inafalikira kum'mawa ndi pakati pa Africa, radiata analephera, patula anapirira. Ndi amene anadzaza mapiri a Viphya pamene boma linakulitsa nkhalango ya Chikangawa kuyambira mu 1964 mpaka kufika mahekitala 53,000, cholinga chili chodyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe.

MUULUTSI: Kalata iyi yachokera ku Ntchisi. Bambowa akuti kunagwa matalala mu Disembala, ndipo patapita masabata angapo nsonga za paini wawo zinayamba kuuma kuchokera kumwamba. Atadula mtengo umodzi anapeza thabwa lili ndi mabala abuluu. Pa mitengo ina akuona zoyera ngati thonje pa nthambi.

KATSWIRI: Mwafotokoza bwino, bambo, ngati kuti ndaima nanu m'mundamo. Pamenepa pali zinthu ziwiri zosiyana.

Kuuma kotsatira matalala ndi khalidwe la nkhungu yotchedwa Diplodia sapinea. Ofufuza anapeza kuti nkhunguyi imatha kukhala m'kati mwa mtengo wathanzi, makamaka m'zipatso zake zouma zija, osachita kanthu kwa zaka. Imadikira tsiku limene mtengo wavulala kapena wafooka ndi chilala. Matalala akang'amba khungwa la nthambi zanthete, iyo imadzuka. Patula ndi mmodzi mwa amene amagonja msanga. Kupopera mankhwala munda wonse n'kutaya ndalama. Mitengo imene yauma kupitirira theka iduleni msanga muicheke isanaonongeke. Imene yangopsa nsonga zochepa isiyeni, yambiri imaphukanso. Ubuluu umene mwauonawo umadetsa thabwa ndi kutsitsa mtengo wake pamsika, koma mphamvu ya thabwa siichepa kwenikweni, moti la denga likhoza kugwira ntchito. Ndipo ocheka amve apa: chipika chabwinobwino chikagona pansi masabata awiri nthawi ya dzinja chimachita buluu chomwecho. Dulani zimene mungacheke m'masiku ochepa, ndipo matabwa asanjidwe tsiku lomwelo.

Zoyera ngati thonjezo ndi nsabwe za paini zotchedwa Pineus, zimene zinaoneka ku Kenya ndi ku Zimbabwe mu 1968 n'kufalikira. Kachilomboko kamabisala pansi pa thonjelo n'kumayamwa madzi a mtengo. Zimachuluka chilimwe, mvula ikagwa mwamphamvu zimachepa, ndipo mtengo wa pamalo abwino umapirira. Akuluakulu akukumbukira msuweni wake wa nsabwezi, Cinara cupressi, amene anaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986 n'kuumitsa mikungudza yambirimbiri, mpaka kukhudza mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Chinathandiza pamenepo ndi kubweretsa timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'thupi la nsabwezo, osati kupopera.

Njira yomweyo ndi imene akugwiritsa ntchito polimbana ndi mavu a paini otchedwa Sirex, amene anafika ku Cape Town mu 1994 ndipo m'zaka za m'ma 2000 anapha patula wochuluka ku KwaZulu-Natal. Mavu aakazi amabowola thunthu, n'kuikamo mazira, ululu ndi nkhungu. Ofufuza amabaya m'mitengo timinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timalowa m'mphutsi zake n'kuchititsa kuti aakaziwo asabereke. Koma chimene anaona n'chakuti mavuwa amayambira pa mitengo yothinana, yoponderezedwa, m'minda yosapatulira. Bambo a ku Luwawa aja amve kachiwiri. Ndipo aliyense woona timadontho ta utomoni tikutsika pa thunthu ndi timabowo tozungulira bwino ngati tobowola ndi msomali, akauze alangizi a zankhalango tsiku lomwelo, atatenga chidutswa cha mtengowo.

MUULUTSI: Yotsiriza yachokera kwa a mfumu ena a m'boma la Nkhata Bay. Akuti anthu awo akukana kubzala paini pa malo a mudzi, ati amapha nthaka ndi kuumitsa mitsinje. Akufuna choonadi kuti akawauze.

KATSWIRI: Zikomo, mfumu, chifukwa chofunsa musanagamule. Anthu anu akunena zoona mbali imodzi.

Za nthaka, kafukufuku wotalika amene tili naye m'chigawo chino ndi wa ku nkhalango ya Usutu ku Eswatini. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wina dzina lake Julian Evans anayeza patula pa malo omwewo, kubzala koyamba, kwachiwiri, kwachitatu. Pa malo ambiri mitengo yobzalidwa kachiwiri ndi kachitatu inakula mofanana ndi yoyamba, kwina kuposa. Inatsika pa chigawo chimodzi cha nthaka yosowa fosifolasi, ndipo atathira fetelezayo inabwerera. Chimene chimasaukitsa nthaka ndi kutentha masamba ndi nthambi zotsala mukakolola, chifukwa chakudya chambiri cha mtengo chili m'menemo, osati mu thunthu.

Za madzi, anthu anu sakunama. Ku Jonkershoek, kufupi ndi Stellenbosch, akhala akuyeza mitsinje kuyambira m'ma 1930, ndipo anapeza kuti phiri la udzu ndi zitsamba likasanduka nkhalango ya paini, madzi otsikira kumtsinje amachepa, chifukwa paini amamwa chaka chonse pamene udzu umagona chilimwe. Choncho pa kasupe, m'dambo ndi m'mbali mwa mtsinje musabzale paini. Pamenepo siyani mikuyu, katope ndi mbawa. Musagwetsenso nkhalango yachilengedwe kuti mubzale paini. Ku Mulanje anafalikira yekha ndi mphepo mpaka anthu anagwira ntchito yaikulu yomuzula kuti mkungudza upeze malo. Malo a paini ndi mtunda wozizira umene unadulidwa kale, kutali ndi madzi.

Ndisanatseke, achimwene, ndiloleni ndinene chimene sichinafunsidwe m'makalata onsewa. Ndatchula nkhungu, nsabwe ndi mavu, koma pa zaka zonse zimene ndayenda m'nkhalango zathu, chimene ndachiona chikupha paini wochuluka ndi moto. Patula ali ndi khungwa lopyapyala kumtunda kwa thunthu, ndipo akapsa saphukira pachitsa ngati bulugama. Ndinaimapo m'kamunda koyezera kamene anthu anakasunga zaka zoposa khumi, ndinapeza timanambala tachitsulo tokha tili pa zitsa zakuda, chifukwa cha munthu mmodzi wosaka mbewa. Mfumu, inu ndi mafumu anzanu amene mukumva, itanani anthu anu udzu usanaume, mwezi wa Juni usanathe, mulambule njira yotchinga moto kuzungulira munda uliwonse wa paini, ndipo mugwirizane amene adzaimbe belu utsi ukaoneka.